Tauni ya Abiti Juma

Lamulungu lapitali tinachita sadaka ya Abiti Juma m'chipinda china ku Al Muraqqabat, poti chaka chakwana chimwalirireni iwo. Anthu analankhula zabwino zokhazokha, monga zimakhalira munthu akagona. Wina anati ankalandira alendo, wina anati sankadumpha mapemphero a swala, wina anati ndi iwo anamupezera ntchito. Ine atandiloza ndinangoti mawu andithera. Sanandithere ayi. Ndikanatsegula pakamwa ndikananena kuti mayi amenewa anali ndi chinthu chimodzi chokha chosiyira munthu, ndipo anasiyira Esinati wa ku Chipata, ine Asiyatu, mwana wa kwawo ku Namwera, ndili pomwepo. Padutsa zaka zitatu, koma ndikamva dzina la Esinati pamtima pamandiwawabe. Imeneyi ndi nsanje, ndipo sindiibisa.

Chinthucho chinali ntchito yawo. Kuno ku Dubai mlezi wa ana akakalamba, mabwana oti amamukhulupirira amamuuza kuti asankhe yekha womulowa m'malo. Abiti ankalera ana awiri aakazi m'banja la Angerezi kufupi ndi Festival City, ndipo analowa m'nyumbamo wamkuluyo ali wakhanda. Nyumba zabwino zilipo zambiri, koma iyi inali ndi china chake. Chaka chilichonse dzuwa la kuno likafika pootcha nsapato, banjalo limathawira kwawo miyezi iwiri, ndipo mlezi amapita nawo. Kwawoko si ku London ayi. Ndi katauni kakang'ono komwe anthu amangogonako, ntchito n'kumakagwira ku London pa sitima. Dzina lake lili ndi zilembo zomwe eni ake omwe sazitchula, ndiye ife tinkangoti kwa Abiti.

Anali mayi wamfupi, wojintcha, woyenda mopendama chifukwa cha mawondo. Mpango wawo unkakhala wotuwa nthawi zonse, ndipo m'chikwama mwawo simunkasowa ambulera ndi juzi, mumzinda woti mvula timaiona mwa apo ndi apo. Pokwera basi ankapereka moni kwa dalaivala, potsika n'kumuthokoza, dalaivalayo n'kumawayang'ana mokayika. Munthu akawaponda phazi m'sitima ya Metro, opepesa ankakhala iwo. Tiyi wa karak yemwe tonse timamwa pa ofu ankati ndi phala la shuga. Wawo ankafuna wamkaka pang'ono, wopanda shuga, ndipo ankamwa maso ali pa wotchi. Mtedza sankadya. Wina akabwera kuchokera kumudzi ndi mtedza wokazinga, ife n'kuugwera ngati nkhuku, iwo ankasuntha mpando n'kukakhala patali, ndipo amene wadya sankamupatsa dzanja mpaka atasamba. Chifukwa chake ankachinena, koma mawu awo ankamira m'kuseka kwathu, tikuti chizungu chawalowa m'mafupa.

Anali ndi malangizo awo omwe ankabwereza mpaka tinawaloweza mwachipongwe. Ankati m'nyumba ya ana mukangoti zii, siya chilichonse uthamange. Ankati Mngerezi akakuuza kuti palibe vuto, dziwa kuti vuto lakula. Ankatinso mlezi wabwino amadziwika ndi msana, chifukwa nkhope yake nthawi zonse imakhala itayang'ana kwa mwana. Ine zimenezi ndinkazimva ngati mawu oyamba basi, ndikudikira kuti afike pa nkhani yeniyeni.

Za tauniyo ankayamba okha, osafunsidwa. Ankati imadzuka kawiri. Koyamba ndi m'mamawa, pamene anthu a majekete akuda amatuluka m'nyumba kapu ya khofi ili m'manja, n'kutsetsereka kupita kusiteshoni. Aliyense ali ndi malo ake oimapo, pomwe chitseko cha sitima chimadzatsegukira, ndipo anthu awiri amatha kuimirira moyandikana mpaka imvi kumera osadziwana mayina. Sitima zikawatenga, tauni imagonanso. Imadzuka kachiwiri dzuwa litakwera, ndipo apa n'kuti yatsala ya nkhalamba, agalu ndi olera ana. Nthawi imeneyo ndiye inali yawo. Tsiku lina ndinawauza kuti zimenezo sizikusiyana ndi ife a ku Al Qusais pa sitima ya Green Line m'mawa. Ndinkaganiza kuti akwiya, koma anavomera. Anati wothamangira sitima ndi wantchito basi, kaya wavala tayi, kungoti anzathu aja madzulo amabwerera kwawo.

Mbiri ya malowo anaimva kwa mayi ake a madamu awo, nkhalamba yobadwira komweko, koma ankaifotokoza ngati ndi ya makolo awo a ku Namwera. Kale kunali msika wa nkhosa, n'chifukwa chake msewu waukulu ndi wotakata pakati koma wopapatiza kumapeto konse, kuti nkhosa zisamathawe. Ngolo za mahatchi zopita ku London zinkagona pa nyumba ya alendo yomwe ilipo mpaka lero, ya chitseko chachifupi choti mzungu wa masiku ano amalowa chowerama. Iwo sanalowemo, poti tsopano amagulitsamo mowa, koma ankadziwa kuti mawindo ake ndi angati. Akazi a kumeneko ankaluka zipewa za mapesi a tirigu atakhala pakhomo. Kenako kunabwera njanji. Eni minda anakana kuti idutse pakati, ndiye siteshoni inamangidwa kunja, kumunsi kwa chitunda, ndipo tauni inachita kuitsatira yokha. Chigayo cha m'mphepete mwa mtsinje lero ndi nyumba zogona anthu olemera. Abiti ankati tauniyo inasiya kupanga zinthu, pano imangopanga anthu okwera sitima.

Akatha mbiri ankalowa pa zokoma zake. Lachiwiri kumakhala msika pansi pa wotchi yaikulu, pomwe bambo wina amagulitsa tchizi chonunkha n'kumalawitsa aliyense wodutsa. Kuli mashopu atatu a kaunjika, omwe ogulitsa ake ndi madona okalamba ongodzipereka. Kuli tchalitchi chamiyala chakale kwambiri, manda ake ali pakhomo penipeni, anthu n'kumadya masangweji pa benchi pakati pa akufa popanda mantha. Abiti miyala ya pamandapo ankaidziwa mayina, poti mwana wamkulu uja zilembo anaphunzirira pomwepo. Mtsinje wake kwathu tikanati khwawa, koma muli abakha onenepa omwe palibe amawagwira. Pa abakha amenewa ankakangana chaka ndi chaka ndi Che Mussa, dalaivala wa ku Machinga, mwini chipinda chomwe timasonkhanamo. Che Mussa ankati mtundu wodyetsa ndiwo buledi n'kukagula nkhuku yozizira m'shopu mutu wake suyenda bwino. Abiti ankayankha kuti munthu woona chamoyo chilichonse ngati ndiwo ndi amene sanakhutepo chibadwire. Ankasiyana atakwiyitsana, Lamulungu lotsatira n'kuyambira pomwe analekezera.

Enawo ankatopa nazo. Esinati, yemwe nthawi imeneyo ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Mirdif, ankagona kumene, mutu atatsamiza khoma, foni ili pamiyendo. Ine ndekha ndinkamvetsera n'kumafunsa kuti kuchoka pa wotchi kupita kumtsinje amakhotera kuti, nanga basi imaima pati. Ndinafika poidziwa tauniyo kuposa pa boma pa Mangochi. Ndikamakolopa masitepe kwa mabwana anga ndinkayenda m'misewu yake m'mutu, ndipo ndikaphonya pokhota ndinkabwerera n'kuyambanso. Abiti ankakondwa nane, pagulu ankanditchula mwana wanga. Ndi iwo anandilandira pa eyapoti, ndi iwo anandiphunzitsa kuyankha madamu wokalipa osagwetsa misozi. Koma ngakhale nthawi imeneyo kansanje kanalipo. Julaye akafika ankatitumizira zithunzi atavala juzi ndi magambutsi pa udzu wobiriwira, ine ndikuyanika zovala padenga thukuta likulowa m'maso. Zithunzizo ndinkazikulitsa ndi zala, osati kuti ndione nkhope yawo, koma zomwe zili kumbuyo kwawo. Mawondo atayamba kuwakanika, aliyense ankadziwa kuti nyumba ija ndi yanga, ndipo nanenso ndinayamba kufunsa za majekete otentha. Ndinkawerengera madzi a mphutsi.

Tsiku lomwe ankabwerera kumudzi sindinapite ku eyapoti. Ndinanama kuti madamu andikaniza. Ali ku Namwera ankanditumizira mavoisi aatali, kufotokoza za mvula, za nyumba yomwe ankafolera, za mawondo, ine n'kumayankha mawu awiri kapena osayankha kumene. Anakhala kumudzi zaka ziwiri. Uthenga woti atisiya unandipeza ndikusita, ndipo pofika madzulo n'kuti ataikidwa kale monga mwa chipembedzo chathu. Ndinalira kwambiri, komabe mkwiyo sunatuluke limodzi ndi misoziyo.

Zonsezi zinachokera pa Loweruka limodzi. Madamu a nyumba ija anauza Abiti kuti abweretse munthu yemwe akumuganizira adzacheze ndi ana, ndipo Abiti anaitana ine. Anaitananso Esinati kuti adzangothandiza kukhitchini, poti madzulo kunkabwera alendo. Kwathu munthu sapita kunyumba ya eni chimanjamanja. Sabata yomweyo mchemwali wanga anali atanditumizira mtedza wa chalimbana, wokazinga bwino ndi mchere. Ndinaupungulira m'kapepala ka pulasitiki, n'kumanga, n'kuika m'chikwama kuti ndikapatse madamu potsanzika. Ndinadziona ngati mwana woleredwa bwino.

Nditafika ndinaika chikwamacho pansi pambali pa sofa. Madamu anandifunsa pang'ono za ntchito, ine n'kuitembenuza nkhaniyo. Ndinawafunsa ngati mlatho wa kuchigayo anaukonza, ndiponso ngati bambo wa tchizi uja akadalipo. Anatong'ola maso n'kufunsa ngati ndinafikako. Nditati ayi, anaseka mpaka kuitana amuna awo kuti adzamve okha. Ndinawayendetsa m'tauni yawo yomwe, kuchokera kusiteshoni mpaka kutchalitchi, osaphonya pokhota ngakhale pamodzi. Chibadwire sindinawalepo ngati tsiku limenelo. Ana anali m'chipinda chomwecho, koma mutandifunsa kuti ankachita chiyani sindingakuuzeni.

Ndinangoona Esinati akutulukira kuchokera kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha. Iye akuti anadabwa kuti ana angoti zii, kenako anamva fungo. Ananyamula Lusi, wamng'onoyo, wa zaka zinayi, n'kuthamanga naye kubafa. Kuseri kwa sofa chikwama changa chinali chotsegula, kapepala katang'ambika, mtedza uli mbwee pa kapeti. Mwanayo thupi lake limadana ndi mtedza, akangoulawa pakhosi pamatupa mpaka kulephera kupuma. Mwamwayi anali asanaike m'kamwa. Anangougwira, koma pomwe Esinati ankamaliza kumusambitsa n'kuti timanja tonse titatuluka ziwengo. Abiti anaima pakhomo la bafa jakisoni wa mwanayo ali m'manja, mpaka zinaoneka kuti safunika. Madamu ankangobwereza kuti palibe vuto, poti ine sindinkadziwa. Abiti anagwada ndi mawondo awo owawawo n'kuyamba kutola mtedza umodziumodzi, ndipo nditati ndiwathandize anandikankha dzanja.

Lamulungu lotsatira anandiperekeza kusiteshoni ya Metro, zomwe sankachita. Tisanafike pa masitepe anaima.

"Mwana wanga, nyumba ija ndapatsa Esinati."

Ndinawauza kuti ndalakwa kamodzi kokha, ndipo sindinkadziwa.

"Sunkadziwa? Wamkuluyo amaopa chiyani? Wamng'onoyo akamalira amafuna chiyani? Tsiku lililonse lomwe ndinakuuza za tauni ndinakuuzanso za ana amenewa. Iwe unatola misewu, ana n'kuwasiya pansi. Esinati za mtedza anazimva kamodzi, ali m'tulo."

Ndinapsa mtima. Ndinati tauniyo anandidyetsa ndi iwo omwe, lero akundinena kuti ndine wadyera. Ndinati akutaya mwana wa kwawo, Msilamu mnzawo, chifukwa cha munthu woti sadziwa n'komwe kuti London ndi mzinda kapena dziko. Ndinanena zina zomwe sindingalembe. Anandisiya mpaka nditatha.

"Kumeneko sakufuna mlendo wodzaona malo, akufuna mlezi. Khalas, zatha basi, Asiyatu. Kakwere sitima yako."

Ndinakwera osatsanzika, ndipo sitinachezenso ngati kale. Ndikudziwa kuti ananena zoona, ndinadziwa tsiku lomwelo ndisanafike ku Al Qusais. Koma kudziwako sikuchiza kanthu.

Esinati wapita kumeneko katatu tsopano. Akabwerako amatiuza kuti kulibe chilichonse. Akuti kumazizira ngakhale m'chilimwe, mashopu amatseka dzuwa likadali pamwamba, chakudya n'chozizira m'kamwa, ndipo iye amangolakalaka tsiku lobwerera ku Dubai. Nditamufunsa za msika wa Lachiwiri anati mwina ulipo, iye amagula zinthu ku supamaketi. Za ana ndiye sasiya kukamba, kuti Lusi wagweluka dzino, wamkuluyo wayamba mwano. Akayamba zimenezi ine ndimatuluka kukaima pakhonde. Choipitsitsa n'chakuti ndi munthu wabwino. Chaka chatha anandibweretsera juzi, ndipo ndinalandira ndi manja awiri n'kukaiika pansi pa sutikesi.

Pa sadaka ija iye panalibe, poti ndi Julaye ndipo ali komweko. Titamaliza mapemphero a duwa anandiimbira pa vidiyo. Anati zamuwawa kuti sanakhale nafe, ndiye akufuna akaime pamalo pomwe Abiti ankakonda, awakumbukire kumeneko, koma sakudziwa kuti ndi pati. Anati wodziwa ndine. Ndinafuna kumuuza kuti afunse mabwana ake, koma pakamwa panga panayamba kale kumulondolera.

Panali malo amodzi omwe Abiti sankawatchula pagulu, ankandiuza tikatsala awiri. Kuseri kwa siteshoni kuli timinda ting'onoting'ono tomwe anthu amabwereka kukhonsolo. Mayi ake a madamu anali ndi kawo, ndipo anagawira Abiti mizere itatu. Nkhalambayo inkabzala maungu Abiti asanafike, iwo n'kudzapeza atayanga, n'kumathyola nkhwani azungu a minda yoyandikana ali kukamwa yasa kuti munthu akudya masamba. Maungu ake sanadyepo ngakhale limodzi, poti ankanyamuka asanakhwime. Akatopa ankakhala pa ndowa n'kumaonera sitima zikudutsa. Ankati m'dziko lonselo ndi pokhapo pomwe ankakhala wopanda womuitana. Nkhalambayo inamwalira patangotha chaka Abiti atapuma ntchito.

"Manje niyende kuti, ba sisi?" anafunsa Esinati atafika pa siteshoni.

Ndinamuuza adutse kunsi kwa mlatho wa njanji, akhotere kumanzere pa bokosi lofiira la makalata, atsate kanjira ka pakati pa mipanda ya zitsamba. Akafika pa geti lobiriwira anyamule kachitsulo kotsekera n'kukankha ndi bondo, chifukwa limalimba. Zonse zinali momwemo, mpaka kulimba kwa getilo. Ndinamuwerengetsa timinda mpaka kachisanu ndi chimodzi kudzanja lamanja.

"Ni pano? Ni thengo chabe, ba sisi."

Ndinamuuza agwire foni bwinobwino, asagwedeze, ndipo ndinajambula chomwe chinkaoneka. Iye anapemphera mwa Chikhristu chake mwachidule, kenako anati nthawi yokatenga Lusi kosambira yakwana. Ndinamupempha kuti aime pang'ono pokha, atembenuke ndione mbali inayo.

"Mwana sangayembekeze," anatero, n'kudula foni.

Chithunzicho ndili nacho. Timinda ta mbali zonse ziwiri n'tosamalika, nyemba zayanga pamitengo, anyezi ali m'mizere yoongoka. Ka pakatiko udzu wafika m'chiuno. Minga yakwera pa mgolo wa madzi a mvula mpaka kuuphimba, ndipo chitseko cha kanyumba kosungiramo makasu chikulendewera mbali imodzi. Pamtengo wa pakona akhomapo pepala la khonsolo loti mundawu ukudikira mwini watsopano. Mizere itatu ija sikuoneka, dzungu palibe ngakhale lomera lokha. Pafupi ndi mpanda pali ndowa yakuda yovundikira, yoyang'ana kunjanji, ndipo udzu waizungulira. M'munsi mwenimweni mwa chithunzicho mukuoneka nsonga ya nsapato ya Esinati itaponda dothilo.